Thovu Lomwe Ababa Sanaliyese

Tinkayenda awiri, ine ndi ababa anga, ndi njinga imene sitinkaikwera. Njingayo inali ya katundu: mpando wopinda, kalilole wokulunga m'bulangete, mathawulo atatu, chigubu cha madzi, ndi kabokosi kamalata momwe munkagona lumo. Si malezala ogula pa okala aja ayi. Linali lumo lenileni lopinda, la chigwiriro cha nyanga, lomwe ankalinola pa lamba wachikopa m'mawa uliwonse asanatsuke n'komwe mkamwa.

Amayi anamwalira ndili sitandade faifi. Sukulu inathera pomwepo, nyumba ya lendi nayonso tinaisiya, ndiye tinangoyamba kuyenda. Musandifunse kuti zinali zaka zingati. Ndikawerenga mvula ndimapeza zinayi, ndikawerenga nsapato zimene ndinatha ndimapeza zisanu ndi ziwiri. Mayina a malo ndinaiwala, chifukwa kulikonse kumene tinkafika tinkapeza mtengo womwewomwewo wa mango ukutidikira pafupi ndi msika, muzu wake umodzi utatuluka pansi ngati bondo la munthu. Pamtengopo pankakhala msomali wokhomakhoma kale. Ababa ankangopachikapo kalilole, osadabwa n'komwe.

Chuma chawo chinali chimodzi basi, dzanja lawo. Anthu ankati, "A Kamtedza sanatemepo munthu." Mawu amenewa ankafika m'tauni ife tisanafike, moti tikamamasula katundu tinkapeza azibambo atakhala kale pamuzu paja akusisita zibwano. Munthu kuti agoneke mutu chagada, lumo lili pakhosi, amafuna amve kaye mbiri ya dzanjalo. Mbiri imeneyi ndinaiwononga ndine, ndi kapu imodzi ya thovu ndiponso pakamwa pangapa.

Ntchito yanga inali thovu. Ndinkapala sopo ndi mpeni m'kapu yachitsulo, n'kudonthezamo timadzi, n'kumatakasa ndi burashi mpaka dzanja kuwawa. Ndikamaliza ndinkawapatsa. Iwo ankatapako pang'ono, n'kufikisa pakati pa zala ziwiri maso ali chitsinzinire. Likawakomera ankangoti, "Eya, mayi." Ankanditchula mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Likapanda kuwakomera ankalikhuthulira pansi, ine n'kuyambanso.

Kukagula sopo anayamba kundituma m'tauni ya njanji, momwe sitima inkalira tsiku lonse koma osaoneka. Mu golosale ndinapeza mayi wa mpata pakati pa mano, atagonetsa zigongono pa kauntala.

"Mwana wa wometa, ukufuna sopo wotani?"

"Wochita thovu."

"Aaa, pali sopo wosachita thovu? Tenga wautaliyu wochapira, akhalitsa. Koma iwe, wamva za mkazi wa bwana wa pasitesheni?"

Ndinali ndisanamve. Ndinakhala pathumba la mchere mpaka ndinamva zonse, ndi za mlamu wake zomwe. Ndisabise, nkhani za eni ndimazikonda kuposa tiyi wamkaka. Munthu akangotsitsa mawu n'kunena kuti "usauze munthu," makutu anga amatentha ndipo miyendo imaiwala komwe imapita.

Nditabwerera, ababa anayang'ana sopoyo osakalipa. Anandiuza kuti nditakase, kenako anandipaka thovulo pamkono panga.

"Dikira," anatero.

Pasanapite nthawi khungu linayamba kukokeka ndi kuyabwa, pamkono n'kutuwa ngati ndagwera m'phulusa.

"Uyu ndi wa makolala a malaya, mayi. Ntchito yake ndi kuchotsa mafuta. Lumo limafuna poterera. Ukaumitsa khungu, lumo limasiya kumeta, limayamba kulima."

Sopo ameneyo tinachapira mathawulo mpaka mvula inatha.

Kenako tinalowa m'midzi ya fodya, kumene aliyense ankanunkhira zigafa, ndipo amuna ankabwera Loweruka lokha ndevu zili ngati udzu wa pachulu. Mu golosale ya kumeneko ndinapezamo mayi yemwe uja wa mpata pamano, koma atanenepa. Sindinamufunse kuti wafika bwanji. Anandiuza za kapitawo wina wa akazi atatu osadziwana, n'kundisankhira sopo wosambira wofiirira, wonunkhira maluwa. Ameneyo ndiye anachita thovu! Linafufuma mpaka kusefukira m'kapu ngati mkaka wowira. Ndinathamanga nalo ndikumwetulira.

Ababa anakweza kapu kudzuwa. "Ukuwaona maso awa?"

"Ndikuwaona."

"Thovu la maso akuluakulu ndi mphepo yokhayokha. Ukapaka munthu, limaphulika lumo lisanafike. Labwino lilibe maso. Limakhala ngati phala la mwana, lonyezimira, ukazondotsa kapu osagwa." Anandibwezera sopoyo. "Uzisambira iweyo. Wakula."

Ku boma, tauni ya maofesi ndi mbendera, kunabwera bambo wa tayi atanyamula chikwama cha zitini. Anaima pamaso pa makasitomala n'kukhutchumula chitini chimodzi.

"Madala, dziko linapita patsogolo! Mukumuvutitsiranji mwanayu ndi burashi? Onani, psss, basi thovu ndi limeneli!"

Linatulukadi, loyera mbee, lalikulu ngati kabichi. Ine mtima unapita pomwepo. Ababa anatambasula mkono wawo.

"Pakani apa, achimwene. Eya. Tsopano tandiuzani, kwanu mvula yagwa bwanji chaka chino?"

Bamboyo anayamba kufotokoza za mvula, za feteleza, za mlatho umene unakokoloka. Asanamalize, ababa anamuonetsa mkono uja. Thovu linali litafota, latsala ngati mamba a nsomba youma.

"Ili ndi la anthu othamangira basi, a lezala yokoka kawiri n'kutuluka. Lumo langa limayenda ngati nkhalamba yopita ku tchalitchi. Pofika pachibwano, thovu lanuli lidzakhala litabwerera kale kwawo."

Azibambo apamuzu anaseka mpaka wina kutsokomola. Wa tayi anatseka chikwama n'kunena kuti anthu osaphunzira ndi ovuta.

Sopo wometera wa m'chubu, wofinya ngati mankhwala otsukira mano, ababa ankamuvomereza, koma ankapezeka ku boma kokha, ndipo m'chikwama dzuwa likatentha ankasungunuka n'kununkhitsa mathawulo. Ndiye sopo wathu anali mmodzi: wometera wandodo, wokulunga m'pepala lonyezimira. Kupala pang'ono, kadontho kamodzi ka gilisalini, ndi madzi. Pa madzi ndi pamene ankalimbikira kwambiri. Ankati madzi ndi theka la sopo. A mvula ndiwo oyamba, a mumtsinje achiwiri. A pamjigo uyambe walawa, ukamva kamchere palilime uwasiye, ngakhale mtsinje ukhale kuseri kwa phiri.

Ndinaphunzira. Pakamwa sipankatseka, koma manja ankagwira. Tsiku lina, m'mudzi wa pamlatho, ndinawapatsa kapu ndipo anangoviikamo burashi n'kuyamba kupaka munthu.

"Ababa, simunayese."

"Ndayesa nthawi yonseyi. Zakwana."

Tsiku limenelo ndinakankha njinga ndekha mtunda wonse osamva kulemera. Kuyambira pamenepo sanayesenso thovu langa.

Ndiyeno tinafika m'tauni ya madzi amchere. Simenti ya pamjigo inali itachita chikhungu choyera, ndowa zonse zinali zotuwa mkati, ndipo tiyi wa kumeneko ankakoma ngati misozi. Mtsinje unali kutali, ulendo woti uchoke kukucha ubwere dzuwa litakwera. Tinakhalako masabata angapo, ine n'kupeza anzanga apamjigo. Wamkulu wa iwo anali Eneti, mtsikana wa maso ang'onoang'ono amene ankadziwa za nyumba iliyonse, ndi zophikidwa momwemo zomwe.

Lachisanu lina kunabwera Fanuwelo, mwana wa mwini chigayo, amene ankamanga ukwati mawa lake.

"Madala, ndamva mbiri yanu. Mawa ndikufuna pankhope panga pakhale ngati galasi. Zithunzi zimenezi zikapachikidwa pabalaza mpaka adzukulu."

"Mubwere dzuwa likafika apo," anatero ababa akuloza pamwamba pa denga la chigayo. Atachoka anandiuza kuti, "Mayi, mawa ulawirire kumtsinje."

Ndinalawiriradi. Koma njira ya kumtsinje inkadutsa pamjigo, ndipo pamjigo panali Eneti ndi anzake anayi, mitu ili pamodzi.

"Iwe, bwera kuno! Wamva?"

"Ndikupita kumtsinje."

"Pita ndithu. Ife tikamba tokha za mkwati wa ababa akoyo."

Ndinatula chigubu. Ndinati mphindi ziwiri zokha.

Nkhani yake inali yakuti Fanuwelo ali ndi mwana kumudzi wina kuseri kwa dambo, ndipo mayi wa mwanayo walumbira kuti afika m'tchalitchi atamubereka kumbuyo, pa nthawi imene abusa amafunsa ngati alipo wotsutsa. Wina ankati mwanayo makutu ake ndi a Fanuwelo enieni. Wina ankati ayi, ndi a dalaivala wa lole ya chigayo. Tinakangana za makutu amenewo, tinakamba za diresi la mkwatibwi lobwereka, za apongozi osalankhulana, za mbuzi zimene zaphedwa. Nditakweza maso, dzuwa linali litakhala pamwamba penipeni pa denga la chigayo, ndipo kumsika kunkalira hutala ya galimoto ya ukwati.

Ndinajiga madzi a pamjigo pomwepo. Sindinalawe. Ndinkadziwa kale kukoma kwake.

Ndinafika Fanuwelo atakhala kale pampando, malaya oyera atavala, thawulo lili pakhosi. Anali atadzithira pafyumu wochuluka moti ntchentche zinkauluka mozungulira patali. Ine ndinapita kuseri kwa mtengo, ndinapala sopo, ndinadontheza gilisalini, ndinathira madzi aja. Ndinatakasa, ndinatakasa. Thovu osadzuka. M'kapu munangochita timibulu toyandama ngati chambiko.

"Mayi, tikudikira," anaitana ababa.

Eneti anali atanditsatira ndi beseni lake la zochapa, kufuna kudzaona mkwati pafupi. Anasuzumira m'kapu n'kuseka.

"Madzi athu ano sopo wa ulemu samumva. Dikira." Anamasula kapepala ka sopo waufa wochapira n'kutsina pang'ono. "Uyu amachita thovu ndi m'matope momwe."

Ndinkadziwa. Musaganize kuti sindinkadziwa. Mkono wanga unkakumbukira kuyabwa kwa m'tauni ya njanji. Koma ndinatchera kapu, iye n'kuwazamo. Thovu linadzuka nthawi yomweyo, loyera, lodzaza maso. Ndinalimenya ndi burashi mpaka maso aja anachepa, n'kupita nalo. Popereka, mumtima ndinkati, yesani ababa, yesani lero lokha. Akanalikhuthulira pansi, ndikanalira pang'ono, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anandimwetulira n'kuviika burashi. Fungo la sopo wochapira linabisala mu pafyumu wa mkwati.

Lumo likamayenda pa thovu labwino silimveka. Tsiku limenelo linalira, khwee, ngati munthu akupala mphika. Ababa anakwinya nkhope, anabwerera pa lamba n'kulinolanso. Ankaganiza kuti vuto ndi lumo. Pamene ankanola, thovu linkauma pamasaya. Anamaliza tsaya limodzi, anamaliza linalo, Fanuwelo akuphethira ndi kunena kuti kukutentha. Pachibwano lumo linakodwa n'kudumpha.

Magazi pa thovu loyera amaoneka ambiri kuposa mmene alili. Anatsika mwachangu, anadutsa pamphepete pa thawulo, n'kulowa pakolala ya malaya a ukwati.

"Mwamupha! Madala mwamupha mkwati!" anakuwa mnzake wa Fanuwelo amene anamuperekeza.

Ababa sanayang'ane kapu. Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana dzanja lawo, kulitembenuza uku ndi uku ngati la munthu wina. Ine ndinatenga kapu ija mwakachetechete, ndinakakhuthula kuseri kwa mtengo, n'kukwirira ndi phazi.

Fanuwelo anakamanga ukwati ndi pulasitala pachibwano, masaya ali psuu ngati wamenyedwa makofi, atavala malaya obwereka aafupi manja. Mayi wa mwana uja sanabwere n'komwe. Mwina kunalibe mayi wotero. Ndiye nkhani yokhayo imene anthu anabwera nayo kuukwati inali chibwano.

Mawa lake pamjigo atsikana anandizungulira. Sanali asanu okha, kunali ndi azimayi omwe, ndowa zili pansi.

"Akuti ababa ako manja amanjenjemera. N'zoona?"

Eneti sanaganizeko n'komwe za sopo wake. Kwa iye thovu ndi thovu. Panalibe wodziwa koma ine ndekha. Ndipo onse ankandiyang'ana pakamwa, mmene ine ndinkayang'anira ena moyo wanga wonse. Ndinali ndisanakhalepo mwini nkhani. Ndinatsitsa mawu.

"Nthawi zina, m'mawa. Koma musauze munthu."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewa ndimafuna kulavula.

Tinachoka m'tauni imeneyo patatha masiku atatu opanda kasitomala. Tinayenda. Mtengo wa mango tinkaupeza, msomali tinkaupeza, koma pamuzu paja pankakhala mbuzi. Nkhani inkatitsogolera, ndipo inkanenepa panjira. M'mudzi wa zoumba miphika ankati wometa wina anadula mkwati khutu. Ku tauni ya macheka ankati anali ataledzera kachasu. Kwina ankati mkwatiyo anafera pampando, ndipo mkwatibwi anapenga. Mu golosale ina ndinamupezanso mayi wa mpata pamano, tsopano atawonda, tsitsi litachita imvi. Sanandizindikire.

"Wamva za wometa wa lumo uja? Akuti manja anatha. Mwana wake weniweni ndi amene anaulula. Akuti nthawi zina, m'mawa."

Mawu anga omwe, osasintha ngakhale limodzi. Ndinatuluka osagula kanthu.

Ababa anayamba chizolowezi chatsopano. M'mawa ankadzaza kapu ya thovu ija ndi madzi mpaka m'milomo, n'kuigwira mkono uli chitambasulire, akuyang'anitsitsa. Madzi sankatayika ngakhale dontho.

"Waona, mayi? Akugwedezeka."

"Sakugwedezeka, ababa."

"Usandinamize chifukwa chondimvera chisoni. Magazi ndinawaona ndi maso angawa."

Pamenepo ndi pamene ndikananena. M'mawa uliwonse mpata unalipo. Ine amene ndimatha kufotokoza nkhani ya mlamu wa munthu wosamudziwa kuyambira pamjigo mpaka kunyumba, lilime linkauma ngati chikopa. Ndinkati ndinena tikawoloka mtsinje uwo. Tikawoloka ndinkati ndinena tikafika pamsika. Ndinkaopa nkhope imene adzandiyang'ane nayo.

Anasiya kumeta. Anayamba kunolera azimayi mipeni ndi masizasi, khomo ndi khomo, agalu akutiuwa. Ndevu zawo zomwe anazileka, poti ankati dzanja limeneli sangalipatse ngakhale khosi lawo lomwe. Zinamera zoyera, zosokonekera, ndipo ana a m'njira ankawatchula kuti mneneri. Sopo wandodo anauma m'kabokosi mpaka kuchita ming'alu. Sindikudziwa kuti zimenezi zinatenga miyezi ingati. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso.

Mapeto ake tinafika pamsika wa ng'ombe, malo a fumbi ndi ntchentche ndi amuna onyamula zikwapu. Kumeneko a Zuze, ogulitsa nyama, anabwera kudzanoletsa zikwanje zawo, ndipo anaona kabokosi kali chitsegukire.

"Chimenechi ndi chiyani, madala? Eee, chitsulo chabwino bwanji! Lumo losendera mbuzi limeneli. Inu mukulisungiranji, poti tonse tinamva za dzanja lanu?"

Ababa anatulutsa lumolo m'kabokosi. Kenako anati, "Ndilinole komaliza. Mubwere masana mudzalitenge, ndi lamba yemwe."

Anakhala pamuzu n'kuyamba kunola, pang'onopang'ono, kupita ndi kubwera. Lumo limene linayenda pamakosi a aphunzitsi ndi abusa, lizikasenda mbuzi chifukwa cha ine.

Dzulo lake kunali kutagwa mvula, ndipo pansi pa denga la malata la chipinda chodyera panali mgolo wodzaza. Ndinakapempha madzi. Ndinalawa, anali ozizira, opanda kanthu palilime. Ndinatenga sopo wong'aluka uja, ndinamunyika kaye kuti afewe, ndinapala, ndinadontheza gilisalini wotsalira pansi pa botolo. Ndinatakasa osayang'ana kumbali, ngakhale pafupi pomwepo azimayi awiri ankanong'onezana za winawake. Thovu linabwera lolemera, lonyezimira, lopanda diso ndi limodzi lomwe.

Kenako ndinatambasula mpando wopinda pansi pa mtengo. Ndinavula duku, ndinamasula zingwe za tsitsi, ndinatenga sizasi imene mayi wina anasiya kuti inoledwe, n'kuyamba kudzidula. Tsitsi linkagwera pamiyendo panga. Anthu anayamba kuima.

"Mtsikana iwe, kwagwa maliro?"

"Ayi."

"Nanga nsabwe?"

Ena anaseka. Ine ndinatenga burashi n'kudzipaka thovu mutu wonse, mpaka kuseri kwa makutu ndi pankhongo. Ababa anali ataimirira, lumo lili m'manja.

"Mayi, ukutani?"

"Ndimeteni mpala."

"Wapenga? Chotsa zimenezo. Ukudziwa mmene dzanjali lilili."

"Ndikudziwa. Ndimeteni. Mukakana ndikhala pompano mpaka liume, anthu azindiseka."

A Zuze anali atafika, akupukuta manja pa epuloni yamagazi. "Musayerekeze madala, mwana ndi mmodzi yemweyu!" anatero. Wina kumbuyo anakuwa kuti aitaniretu njinga ya kuchipatala.

Sindikudziwa ngati chinawakoka chinali ine kapena kuseka kwa anthuwo. Ndinangomva dzanja lawo lamanzere litagwira pamphumi panga, chala chachikulu chikukoka khungu. Kenako kuzizira kwa chitsulo. Lumo linayenda kuchokera pamphumi kupita pakati pamutu, osamveka. Anapukuta pathawulo. Linayendanso. Anthu anasiya kuseka. Ndinkamva mpweya wawo pamwamba panga, poyamba wothamanga, kenako wodekha ngati kale.

Atafika theka la mutu ndinatsegula pakamwa. Sindinatsitse mawu. Ndinakweza ngati ndikuitana munthu kutsidya kwa mtsinje.

"Anthu inu, ndili ndi nkhani, ndipo mukauze aliyense."

"Khala chete, lumo lili pamutu," anatero ababa.

Koma ndinali nditayamba. Ndinanena za mkwati wa kuchigayo. Ndinanena kuti ndinatumidwa kumtsinje ndipo sindinafikeko chifukwa cha miseche ya pamjigo. Ndinanena za madzi amchere, za sopo waufa wochapira, za kapu imene ndinakwirira ndi phazi. Lumo linali litaima, koma linali lidakali pakhungu, pamwamba pa khutu lamanja.

"Ndipo zoti manja awo amanjenjemera m'mawa, amene ananena ndine. Linali bodza. Sananjenjemerepo."

Nditangotero, dzanja lija linanjenjemera. Kamodzi kokha. Ndinamva ngati ndalumidwa ndi nyerere yaikulu, kenako kanthu kofunda kakutsikira kuseri kwa khutu.

"Aaa! Mwaonatu!" anatero a Zuze.

Ababa anatsindika pabalapo ndi chala chachikulu, mwamphamvu, nthawi yaitali. Sindinkawaona nkhope, ndipo ndinathokoza kuti sindikuiona. Pamene anayankhula, mawu awo anali otsika, a ine ndekha.

"Miyezi yonseyi unkandiona ndi kapu ya madzi m'mawa."

"Eya, ababa."

"Unkandiona."

Misozi inkasakanikirana ndi thovu n'kumandilowa mkamwa.

"Bala ili ndi langa," anatero. "La mkwati lija linali lako. Tsopano khala bwino, ndimalize."

Anamaliza. Kuseri kwa makutu, pankhongo, malo onse ovuta aja, lumo osamvekanso. Anandipukuta ndi thawulo lonyowa n'kundikankha pang'ono paphewa kuti ndidzuke. A Zuze anatambasula dzanja kuti alandire lumo lawo. Ababa analipukuta, n'kulibwezera pa lamba.

"Pepani achimwene. Mbuzi zanu muzisenda ndi mpeni."

Pagulupo panali bambo wina wamtali woyendetsa ng'ombe, ndevu zake zolimba ngati waya. Anabwera, anandigwira mutu ndi chikhatho chake chokhakhala osapempha n'komwe, n'kuutembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu.

"Bala limodzi lokha," anauza anzake. "Chonsecho mwanayu amalongolola ngati wailesi." Anaponya chikwapu pansi n'kudzigwetsa pampando. "Ine ndikhala chete, madala. Yambani."

Ndinathamangira kapu. Madzi a mvula anali adakalipo, sopo analipo. Ndinali nditagwira kale burashi pamene dzanja la ababa linafika n'kuichotsa m'zala zanga, mosakalipa, ngati mmene umalandira mpeni kwa mwana wamng'ono.

"Ndipanga ndekha," anatero.

Ndinaima pambali nditanyamula thawulo, mphepo ikundiwomba pamutu posazolowera, azimayi akundiloza ndi milomo. Ababa anakhala pamuzu, anapala sopo, anathira madzi, ndipo ndinamvetsera burashi ikugunda m'kapu mpaka thovu linadzuka.